Nambala 19 ku Azimpur: Mbiri ya Tamaddun Majlish

Dziko la Pakistan lidabadwa pa 14 Ogasiti 1947. Pasanathe masabata atatu, mphunzitsi wina wa fizikisi pa Yunivesite ya Dhaka adaitana anzake ochepa n'kukhazikitsa kabungwe komwe kadautsa mkangano umene boma latsopanolo lidalimbana nawo zaka zisanu ndi zinayi. Mphunzitsiyo adali Abul Kashem, mnyamata wa zaka 27 wochokera kudera la Chittagong. Bungwelo adalitcha Tamaddun Majlish, kutanthauza bwalo la zachikhalidwe, ndipo ofesi yake idali kunyumba kwa Kashem komweko, nambala 19 ku Azimpur mumzinda wa Dhaka. Pakati pa amene adayamba naye padali ophunzira awiri, Shamsul Alam ndi Syed Nazrul Islam. Cholinga chomwe adalemba chidali chotukula chikhalidwe cha Chisilamu m'dziko latsopano. Koma ntchito yoyamba yomwe adagwira, yomwenso amakumbukiridwa nayo mpaka lero, idali yofunsa boma kuti anthu a dzikolo adzilamulidwa m'chiyankhulo chanji.

Pakistan ya nthawiyo idali zigawo ziwiri zosakhudzana, pakati pake patayala dziko la India, mtunda woposa makilomita 1,500. Kumadzulo kudali likulu la Karachi, akuluakulu a asilikali ndi mabwana a boma. Kum'mawa, ku East Bengal, n'komwe kudali chinamtindi cha anthu, moti oposa theka la nzika zonse ankayankhula Chibengali. Chiurdu chidali chobadwa nacho cha anthu ochepa chabe, ambiri mwa iwo osamuka kuchokera kumpoto kwa India. Ngakhale kumadzulo komweko, m'makomo anthu ankayankhula Chipunjabi, Chisindhi, Chipashto ndi Chibalochi. Komabe Chiurdu chidali ndi ulemu wake. Chimalembedwa ndi zilembo zochokera ku Chiarabu, ndipo kwa zaka zambiri Asilamu a kumpoto kwa India adachiyesa chizindikiro chawo pamkangano wawo ndi ochirikiza Chihindi. Chibengali ankachiyang'ana cham'mbali. Zilembo zake n'zapachibale ndi zomwe Ahindu amalembera mabuku awo, mawu ake ambiri adachokera ku Chisansikiriti, ndipo wolemba wake wotchuka, Rabindranath Tagore, yemwe adalandira mphoto ya Nobel mu 1913, sadali Msilamu. Kwa atsogoleri a chipani cha Muslim League nkhaniyi idali yotha kale: dziko la Asilamu, chiyankhulo chimodzi, Chiurdu.

A Majlish sadali oyamba kutsutsa zimenezi. Mu Julayi 1947, dziko lisanabadwe n'komwe, Ziauddin Ahmad, mkulu wa Yunivesite ya Aligarh, adanena kuti Chiurdu ndicho chiyenera kukhala chiyankhulo cha boma, ndipo katswiri wa ziyankhulo Muhammad Shahidullah adamuyankha m'nyuzipepala ya Azad mwezi womwewo. Timagulu tina ta achinyamata ku Dhaka, monga Gana Azadi League ya Kamruddin Ahmad, tidali titalembapo kale za Chibengali m'zikalata zawo. Koma nkhani ya m'nyuzipepala imawerengedwa m'mawa, madzulo pepalalo akulungira nsomba. Chomwe Majlish idabweretsa ndi khomo lomwe munthu wodandaula angagogodepo, komiti yoti ikumanenso sabata yamawa, ndi anthu oyenda m'nyumba zogona ophunzira kukokera anzawo kumsonkhano.

China chomwe idabweretsa, chimene ndikuchiona kuti n'chachikulu koposa, ndi mtundu wa anthu ake. Awa sadali adani a Pakistan. Adali anyamata opemphera, omwe adasangalala ndi kubadwa kwa dzikolo, ambiri mwa iwo otsatira maganizo a Abul Hashim, mlembi wamkulu wakale wa Muslim League ku Bengal, yemwe ankaphunzitsa kuti Chisilamu chenicheni chimafuna chilungamo pa chuma ndi pa ulamuliro. Boma lidali ndi yankho limodzi kwa aliyense wonena za Chibengali: ameneyo watumidwa ndi India, kapena ndi Mhindu, kapena ndi wachikomyunizimu. Yankho limeneli silinkamata bwino pa munthu ngati Kashem. Iye ankanena kuti Msilamu wa ku Bengal safunika kusiya chiyankhulo cha amayi ake kuti akhale Msilamu weniweni kapena nzika yokhulupirika, ndipo m'miyezi yoyambirira ija, pamene anthu adali akadaledzera ndi ufulu, mawu oterewa akadanenedwa ndi wina aliyense akadafera pakhomo.

Pa 15 Sepitembala 1947 bungweli lidatulutsa kabuku kotchedwa Pakistaner Rashtrabhasha: Bangla na Urdu?, komwe mutu wake ukufunsa ngati chiyankhulo cha boma la Pakistan chikhale Chibengali kapena Chiurdu. Mudali nkhani zitatu: ya Kazi Motahar Hossain, mphunzitsi wa pa yunivesite yemwe ankadziwikanso ndi ukatswiri wa masewero a chesi, ya Abul Mansur Ahmad, loya ndi mtolankhani, ndi ya Kashem mwiniwake. Zofuna zawo adaziyala poyera. Ku East Bengal, Chibengali chikhale chophunzitsira m'sukulu, choweruzira milandu m'makhoti, ndi chogwirira ntchito m'maofesi. Ku boma lalikulu, ziyankhulo zikhale ziwiri, Chiurdu ndi Chibengali. Sadanene kuti Chiurdu chichoke, ngakhale kuti kuchuluka kwa anthu kukadawalola kupempha kuti Chibengali chikhale chokha. Kabukuko kadalimbikitsanso anthu kuti achititse misonkhano m'madera mwawo ndi kukakamiza aphungu awo.

Boma lidawathandiza mosadziwa. Masitampa atsopano, ndalama ndi mafomu otumizira ndalama pa positi zidatuluka zili ndi Chingerezi ndi Chiurdu, Chibengali mulibe. Taganizirani mlimi wa jute, mbewu ya luzi lolukira masaka yomwe inkabweretsera Pakistan ndalama zambiri zakunja. Wagulitsa mbewu yake, wafika pa positi kuti atumize kangachepe kwa mwana wake yemwe ali pasukulu ku Dhaka. Kuwerenga amatha, adaphunzira m'Chibengali. Kalaliki akumupatsa fomu, iye akuitembenuza uku ndi uku, palibe chilembo chimodzi chomwe akuchizindikira. Chingerezi adachizolowera kuti n'cha azungu omwe achoka. Koma zilembo zinazo, zoyenda kuchokera kumanja kupita kumanzere, akuuzidwa kuti n'zake, za dziko lomwe iye adalivotera. Mwana wake uja naye adali ndi vuto lake. Bungwe lolemba anthu ntchito za boma lidachotsa Chibengali pa mndandanda wa maphunziro omwe munthu angalembe pa mayeso ake. Kwa wophunzira wa pa yunivesite, zimenezi zidatanthauza kuti ntchito zapamwamba zidzapita kwa ena, ndipo adali kuziona kale ndi maso: mlembi wamkulu wa boma la East Bengal, Aziz Ahmed, adali wa ku Punjab, ndipo mabwana ambiri a m'maofesi a ku Dhaka adali ochokera kunja kwa chigawocho. Nkhani ya chiyankhulo idali nkhani ya pamimba.

Ngakhale zidali choncho, Dhaka sidawalandire ndi manja awiri. Anthu a m'dera lakale la mzindawo adali okhulupirika ku banja la mafumu a Dhaka, komwe nduna yaikulu ya chigawocho, Khawaja Nazimuddin, adabadwira, ndipo banjalo linkayankhula Chiurdu. Ophunzira opita kumeneko ndi timapepala tawo ankathamangitsidwa. Kumapeto kwa Novembala 1947 msonkhano wa zamaphunziro udachitika ku Karachi motsogozedwa ndi nduna ya zamaphunziro, Fazlur Rahman, yemwe adali Mbengali, ndipo mbiri idafika ku Dhaka yoti msonkhanowo wakometsa Chiurdu. Pa 6 Disembala ophunzira adasonkhana pabwalo la yunivesite, Kashem ali wapampando, n'kuguba kupita kunyumba za nduna. Patapita masiku ochepa kudabuka ndewu pakati pa ochirikiza Chiurdu ndi ochirikiza Chibengali pafupi ndi Palashi Barracks, anthu n'kuvulala. Chakumapeto kwa chakacho Majlish idakhazikitsa komiti yoyamba yomenyera chiyankhulo cha boma, Rashtrabhasha Sangram Parishad, ndipo woitanitsa misonkhano yake adali Nurul Haq Bhuiyan, mphunzitsi wa kemisitiri pa yunivesite yomweyo.

Mu Febuluwale 1948 nkhaniyi idalowa m'nyumba ya malamulo ku Karachi. Dhirendranath Datta, loya wa ku Comilla komanso phungu wa chipani cha Congress, adapempha kuti aphungu aziloledwa kuyankhula Chibengali m'nyumbayo monga amachitira ndi Chingerezi ndi Chiurdu, ndipo adatchula za fomu ya pa positi ija. Nduna yaikulu ya dziko, Liaquat Ali Khan, adamukalipira kuti akufuna kugawanitsa anthu. Nazimuddin adaimirira n'kunena kuti anthu ambiri a kwawo akufuna Chiurdu. Amene adaima ndi Datta adali aphungu anzake Achihindu. Aphungu Achisilamu a ku East Bengal adatsata chipani chawo, pempholo n'kugwa. Boma lidapeza umboni womwe linkaufuna woti Chibengali n'chofuna cha Ahindu. Apa m'pomwe kufunika kwa bungwe la Asilamu opemphera kudaonekera.

Pa 2 Malichi omenyera Chibengali adakumana ku Fazlul Huq Hall n'kuikuza komiti ija kuti mulowe magulu ena, kuphatikizapo bungwe la ophunzira la East Pakistan Muslim Students' League lomwe lidangobadwa mu Januwale. Shamsul Alam wa Majlish ndiye adasankhidwa kuitanitsa misonkhano. Adagwirizana zochita sitiraka pa 11 Malichi. Tsikulo ophunzira adaima pazipata za likulu la maofesi a boma, pa positi yaikulu ndi pa khoti lalikulu kuletsa anthu kulowa. Apolisi adawakwapula ndi ndodo n'kumanga ambiri, mwa iwo Shamsul Huq, Oli Ahad, Kazi Golam Mahbub ndi mnyamata wina wophunzira zamalamulo, Sheikh Mujibur Rahman. Zionetsero zidapitirira masiku otsatira.

Nazimuddin adali pa mpanipani, chifukwa Muhammad Ali Jinnah, bambo wa dzikolo, ankayembekezeka kufika ku Dhaka sabata yomweyo, ndipo sizikadaoneka bwino kuti apeze misewu ili gwiragwira. Pa 15 Malichi adakhala pansi ndi komitiyo n'kusainira pangano la mfundo zisanu ndi zitatu. Omangidwa atulutsidwe, nkhanza za apolisi zifufuzidwe, nyuzipepala zoletsedwa zimasulidwe, nyumba ya malamulo ya chigawo ipemphe boma lalikulu kuti Chibengali chikhale chimodzi mwa ziyankhulo za dziko. Mfundo yomaliza ndiyo yochititsa chidwi. Nduna yaikulu idavomera polemba kuti gululi silidatumidwe ndi adani a dziko. Anthu amene amakakamira kuti mawu oterewa alembedwe papepala ndi anthu amene kutchedwa oukira kumawapweteka mumtima, ndipo a Majlish adali otero.

Adawagwiritsa fuwa lamoto. Jinnah adafika pa 19 Malichi. Pa 21, pabwalo la mjaho wa akavalo, pamaso pa khamu lalikulu, adanena kuti anthu a chigawocho angasankhe chiyankhulo chogwirira ntchito kwawoko, koma cha dziko lonse chidzakhala Chiurdu osati china, ndipo wonena zosiyana ndi mdani wa Pakistan. Pa 24 adabwerezanso zomwezo ku Curzon Hall pa mwambo wopereka madigiri, ophunzira ena n'kufuula kukana. Madzulo a tsiku lomwelo adakumana ndi nthumwi za komiti, koma sadamvane, ndipo pangano la Nazimuddin adaliyesa losainidwa mokakamizidwa. Mu Epulo nyumba ya malamulo ya chigawo idavomereza Chibengali pa ntchito za ku East Bengal kokha, za dziko lonse n'kuzisiya. Kutsutsana ndi Jinnah mu 1948 sikudali kwamasewera, ndipo ambiri adabwerera m'makalasi mwakachetechete. Iye adamwalira pa 11 Sepitembala chaka chomwecho. Nazimuddin adakwera kukhala bwanamkubwa wa dziko, Nurul Amin n'kutenga mpando wa ku Dhaka.

Zaka zitatu zotsatira zimadumphidwa kawirikawiri pofotokoza nkhaniyi, chonsecho ndi m'zaka zimenezi momwe bungwe limayesedwa. Pa 14 Novembala 1948 Majlish idayamba kutulutsa nyuzipepala ya sabata ndi sabata yotchedwa Sainik. Mkonzi wake woyamba adali Shahed Ali, wolemba nthano zazifupi, ndipo Abdul Gafur adagwira nayo ntchito kwa zaka zambiri. Idali nyuzipepala yosauka, yokonzedwera m'nyumba ya ku Azimpur ija. Koma nyuzipepala zikuluzikulu za ku Dhaka zidali pafupi ndi boma, makamaka Morning News yolembedwa m'Chingerezi yomwe idali ya anthu a banja la Nazimuddin, choncho Sainik idakhala malo amodzi mwa ochepa momwe nkhani ya chiyankhulo inkatuluka mosalekeza, pamodzi ndi madandaulo a antchito a boma a malipiro ochepa. Bungwelo lidatsegula nthambi m'maboma ena, ndipo Dewan Mohammad Azraf, mphunzitsi wa filosofi wochokera kudera la Sylhet, adadzakhala mtsogoleri wake kwa nthawi yaitali. Chaka chilichonse tsiku la 11 Malichi linkakumbukiridwa ngati tsiku la chiyankhulo cha dziko.

M'zaka zomwezi boma lidabwera ndi nzeru ina yomwe idali msampha weniweni kwa bungwe lachipembedzo. Fazlur Rahman adayamba kulimbikitsa kuti Chibengali chizilembedwa ndi zilembo za Chiarabu. Ankati zikatero ziyankhulo zonse za Pakistan zidzayandikana, ndipo ana adzawerenga Korani mosavuta. Boma lalikulu lidafika potsegula malo ena ophunzitsira akuluakulu kulemba Chibengali mwa njira imeneyi, ndipo mu 1949 boma la chigawo lidakhazikitsa komiti yokonzanso chiyankhulocho motsogozedwa ndi Maulana Akram Khan. Kodi Msilamu wopemphera akana bwanji zilembo za buku loyera? A Majlish adakana, monganso adakanira Shahidullah, yemwe ankadziwa bwino Chiarabu. Chifukwa chake chidali chosavuta kumva. Kusintha zilembo kukadasandutsa mbuli aliyense wodziwa kuwerenga m'chigawo momwe odziwa kuwerenga adali ochepa kale, ndipo mabuku a zaka mazana ambiri, olembedwa ndi Ahindu ndi Asilamu omwe, akadatsekeka kwa ana obadwa m'tsogolo. Maganizowo adafota okha.

Koma pamene zinkatero, bwalo lidayamba kudzaza ndi ena. Pa 23 Juni 1949 kudabadwa chipani cha Awami Muslim League motsogozedwa ndi Maulana Bhashani. Mu Malichi 1950 ophunzira a pa yunivesite adapanga komiti yawoyawo ya chiyankhulo, Abdul Matin ali patsogolo. Mu 1951 kudabwera bungwe la achinyamata la Youth League, momwe mudali anyamata ambiri okonda mfundo za chikomyunizimu. Amenewa sankafuna kutsimikizira boma kuti ndi Asilamu abwino. Ankaona nkhani ya chiyankhulo ngati mbali ya nkhondo yaikulu yolimbana ndi kudyeredwa masuku pamutu ndi a kumadzulo. Iwo ndi a Majlish ankakhala m'komiti imodzi koma sankakhulupirirana. Bungwe lomwe mu 1947 lidali patsogolo lidasanduka liwu limodzi pakati pa ambiri, ndipo silidali lokwera koposa.

Liaquat Ali Khan ataphedwa ku Rawalpindi mu Okutobala 1951, Nazimuddin adakhala nduna yaikulu ya dziko. Chakumapeto kwa Januwale 1952 adabwera ku Dhaka, ndipo pabwalo la Paltan adabwereza mawu a Jinnah aja. Munthu yemwe adasainira pangano la 1948 ndiye adanena zimenezi, ndipo mzinda udatentha. Pa 31 Januwale, ku holo ya laibulale ya maloya, Bhashani adatsogolera msonkhano womwe udapanga komiti ya magulu onse. Kazi Golam Mahbub adasankhidwa kuitanitsa misonkhano, ndipo Kashem ndi Gafur adalowamo m'dzina la Majlish. Adasankha 21 Febuluwale kukhala tsiku la sitiraka m'chigawo chonse, chifukwa nyumba ya malamulo ya chigawo inkakumana tsikulo.

Madzulo a pa 20 boma lidalengeza lamulo la gawo 144, loletsa misonkhano ndi zionetsero kwa mwezi wathunthu. Usiku womwewo komiti idakumana ku ofesi ya Awami Muslim League pa msewu wa Nawabpur, Abul Hashim ali wapampando, ndipo ambiri adavota kuti lamulolo lisaphwanyidwe. Ankaopa kuti chisokonezo chikabuka boma lipeza chifukwa choimitsira chisankho chomwe ankachiyembekezera. Sikudali kuganiza kopusa. Koma ophunzira m'nyumba zawo zogona adali atamanga kale mfundo ina. M'mawa wa pa 21 adasonkhana pansi pa mtengo wa mango pabwalo la yunivesite, Gaziul Haque ali wapampando, n'kuyamba kutuluka pachipata m'timagulu ta anthu khumikhumi. Apolisi adamanga ena, n'kuponya utsi wokhetsa misozi. Masana, pafupi ndi nyumba zogona ophunzira zaudokotala, adawombera. Abul Barkat, Rafiquddin Ahmed ndi Abdul Jabbar adafa. Abdus Salam adamwalira mu Epulo ndi mabala ake. Shafiur Rahman adaphedwa tsiku lotsatira, lomwenso anthu adatentha nyumba yosindikizira Morning News. Usiku wa pa 23 ophunzira zaudokotala adamanga chipilala cha njerwa pamalopo, apolisi n'kuchigumula pa 26.

Tsiku lalikulu la nkhondo yomwe Majlish idayambitsa silidatsogoleredwe ndi Majlish. Zimenezi ziyenera kunenedwa poyera, pakuti ena mwa olemba mbiri ya bungweli amazizembera. Gawo lake m'masiku amenewo lidali la nyuzipepala. Sainik idatulutsa kope lapadera lofotokoza za ophedwawo, ndipo apolisi adafika ku Azimpur kufunafuna Kashem ndi Gafur, omwe adathawa n'kukabisala. Abul Hashim, yemwe adatsogolera msonkhano wokana kuphwanya lamulo uja, adamangidwabe n'kukhala m'ndende kupitirira chaka.

Zotsatira zake zidabwera kudzera m'chisankho. Anthu a Majlish ndi Abul Hashim adapanga chipani chaching'ono cha Khilafat-e-Rabbani. Pa chisankho cha chigawo cha mu Malichi 1954, mgwirizano wa United Front, womwe mfundo yoyamba mwa mfundo zake 21 idali ya Chibengali, udapeza mipando 223 mwa mipando 237 ya Asilamu. Nurul Amin adagonja kwa mtsogoleri wa ophunzira, Khaleque Nawaz Khan. Kashem adapambana mpando kwawo ku Chittagong pa tikiti ya mgwirizanowo. Mu Meyi chaka chomwecho nyumba ya malamulo ya ku Karachi idavomera Chibengali. Mu Disembala 1955 bungwe la Bangla Academy lidatsegulidwa ku Burdwan House, nyumba yomwe Nurul Amin ankakhalamo. Malamulo oyendetsera dziko omwe adayamba kugwira ntchito pa 23 Malichi 1956 adati ziyankhulo za boma ndi Chiurdu ndi Chibengali, ndendende monga kabuku ka 1947 kadapemphera.

Kashem sadakhalitse m'ndale. Adadziwa kuti chiyankhulo chikhoza kulembedwa m'malamulo koma n'kukhalabe kunja kwa kalasi, chifukwa mphunzitsi wa sayansi sangaphunzitse m'Chibengali ngati mabuku ake onse ali m'Chingerezi. Iye amatchulidwa kuti ndiye adayamba kuphunzitsa m'Chibengali pa Yunivesite ya Dhaka, ndipo adathera zaka zambiri akulemba mabuku a fizikisi ndi maphunziro ena a sayansi m'chiyankhulocho. Mu 1962 adatsegula Bangla College, koleji yophunzitsa zonse m'Chibengali, yomwe idayamba ndi makalasi a usiku m'nyumba yobwereka isanasamukire ku Mirpur. Makolo ambiri ankakayika kutumizako ana poopa kuti akamaliza sadzapeza ntchito. Kashem adaitsogolera mpaka 1981. Pa nkhondo ya 1971, yomwe idasandutsa chigawo cha kum'mawa kukhala dziko la Bangladesh, bwalo la kolejiyo lidasandutsidwa malo opherako anthu.

Nkhondo imeneyo idasintha momwe nkhani yonse imakambidwira. Dhirendranath Datta, ali nkhalamba, adatengedwa kunyumba kwake ku Comilla mu Malichi 1971 n'kukaphedwa ndi asilikali a Pakistan. Syed Nazrul Islam, mmodzi wa oyambitsa Majlish aja, adagwirizira udindo wa pulezidenti wa boma la Bangladesh pa nthawi ya nkhondo, ndipo adaphedwa m'ndende ya Dhaka mu Novembala 1975. Dziko latsopano lidafotokoza chiyambi chake ngati msewu wowongoka wochokera pa 21 Febuluwale kufika pa ufulu, msewu wa Abengali monga mtundu, osati monga Asilamu. M'nkhani yoteroyo bungwe lomwe linkafuna Pakistan yabwino, osati kutha kwa Pakistan, lidasowa pokhala. Wolemba mbiri wamkulu wa nkhondo ya chiyankhuloyi, Badruddin Umar, adali mwana wa Abul Hashim. Ali mnyamata adali pafupi ndi a Majlish, kenako n'kutsata mfundo za Marx, ndipo mabuku ake amaika patsogolo ophunzira, antchito ndi magulu a ndale. Kumbali inayo, okonda bungweli nthawi zina amalankhula ngati palibenso wina adachitapo kanthu. Onse awiri amadula nkhani. Popanda a Majlish, pempho la Chibengali likadachedwa kupeza Asilamu olinena mopanda mantha. Pakadakhala iwo okha, mwina likadathera m'zikalata zopita kwa nduna.

Kashem adalandira mphoto ya boma ya Ekushey Padak mu 1987, ndipo adamwalira mu 1991. Mu Novembala 1999 bungwe la UNESCO lidasankha 21 Febuluwale kukhala tsiku lokumbukira ziyankhulo zobadwa nazo padziko lonse. Tamaddun Majlish ikadalipo ku Dhaka, yaing'ono, ikuchititsa misonkhano ya zachikhalidwe ndi yokumbukira oyambitsa ake. Pa zinthu zitatu zomwe kabuku kaja kadafuna ku East Bengal, maofesi adachedwa kusintha, moti mu 1987 boma la Bangladesh lidachita kukhazikitsa lamulo lokakamiza kugwiritsa ntchito Chibengali pa ntchito zonse za boma. M'makhoti aang'ono chimagwiritsidwa ntchito, koma zigamulo zambiri za khoti lalikulu zimalembedwabe m'Chingerezi, ndipo mayunivesite ambiri omwe si aboma amaphunzitsa m'Chingerezi.